Chipewa cha a Zingwe

Uthengawo unalowa pafoni ya kuofesi Lolemba m'mawa, ine ndisanakoleke n'komwe jekete pamsomali. Unalibe moni, unalibe dzina. Unangoti: "Nyimbo yatsopano ya Zingwe. Onani kumutu."

Ndinauwerenga kawiri ndili chiimire.

Ntchito yathu ndi yovuta kuifotokoza, moti mkazi wanga amangouza anzake kuti ndimalipidwa chifukwa chomvera nyimbo. Masiku ano makina akuimba, akujambula, akulemba ndi ndakatulo za maliro zomwe, ndipo ukamva sungasiyanitse. Oimba ndi olemba ataona kuti amezedwa, anapanga kabungwe kopereka chidindo: kachala kofiira kamene kamakhala pakona pa nyimbo kapena chithunzi pa intaneti. Ukaona kachalako umadziwa kuti wapanga izi ndi munthu wopuma, osati makina. Akuba nawo sagona, amafuna kachala komweko pa katundu wawo wabodza, ndiye pamafunika munthu wowanunkhiza. Munthuyo ndine. Ndinali wapolisi kale, kuno amanditchula kuti Khutu.

Lamulo lathu lalikulu ndi loti nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Ukanama pa nyimbo imodzi, kachala kamachoka pa nyimbo zako zonse, ndi zakale zomwe, ndipo sikabwereranso. Pamsonkhano woyamba ambiri ankati lamuloli ndi lankhanza. Amene anaimirira n'kumenya tebulo mpaka onse kuvomera anali a Zingwe.

A Zingwe omwewo, mkulu wa gitala amene mayi anga ankaimba nyimbo zake akamachapa. Anakhala chete chaka chathunthu, anthu n'kumati atopa, kenako mwezi watha tsamba lawo la pa intaneti linatulutsa nyimbo yatsopano, kachala kathu kali pakona. Ngati uthengawo unali woona, ndiye kuti ine ndinkapita kukafufuta ntchito ya moyo wonse ya munthu amene ndinkamulemekeza ngati bambo wondibereka. Ndinadana nawo mlanduwo ndisanauyambe.

"Nyimboyo inadutsa bwinobwino, a Khutu," anatero Mawaya, mayi wa pamakompyuta, maso ali pagalasi. Ameneyu amalankhula ngati akuthamangitsidwa. "Kanema wa umboni anabwera, wosadulidwa paliponse, monga mwa lamulo. Nkhope ndi yawo, zala ndi zawo, milomo ikugwirizana ndi mawu. Mawuwo ndinawadutsitsa pa makina athu oyezera, makina akuti ndi munthu. Mukufunanso chiyani, magazi?"

"Makina kuchitira umboni munthu," ndinatero. "Dziko lapita."

"Linapita kalekale inu muli mtulo. Khalani apa muonere."

M'kanemayo a Zingwe anali pampando wachitsulo, gitala pamwendo, mpango wochindikala m'khosi, chipewa chakuda kumutu. M'mphepete mwa chithunzi kansalu kofiira kankauluzika. Nyimboyo inali ya mwamuna amene akupempha mkazi wake kuti asamutsekere chitseko, akubwera ndithu, miyendo ndiyo yayamba kuchedwa. Mawu anali aja omwe, okhuthala, onjenjemera pang'ono kumapeto. Sindibisa, misozi inandilengeza.

"Kumutu kuli chiyani?" ndinafunsa.

"Chipewa."

"Pansi pa chipewa?"

"Dazi, ndikuganiza. Dazi si mlandu."

Tinakulitsa chithunzicho kufunafuna kawaya kapena kanthu kobisika kukhutu. Panalibe. Ndiye ndinaimba nambala imene inatumiza uthenga. Inalira, wina anayankha.

"Halo? Ndine wa kubungwe la chidindo. Ndani mnzanga?"

Zii. Koma munthu analipo. Ndinkamva mpweya wake ukulowa ndi kutuluka, uli ndi kalikhweru kakang'ono ngati tayala lobooka. Anandimvera mpaka ndinatopa kufunsa, kenako anadula.

* * *

Tsamba la a Zingwe amayendetsa ndi mkamwini wawo, ndipo achikulirewo ndi akazi awo amakhala kwa iye chiyambire chaka chatha. Ndinamupeza m'galaja imene anaisandutsa chipinda chojambulira, makoma onse atamatidwa mathileyi a mazira. Munthu waukhondo, wonunkhira, wamawu osalala.

"Bwana Khutu, mwatilemekeza. Mukanaimba kaye foni tikanakonzeka. Madzi ozizira? Ayi? Chabwino, chabwino. Ndi nsanje, bwana, palibenso china. Munthu wamkulu akadzuka, tiana timanjenjemera."

"Sindinanene kuti wina wadandaula."

Anaseka, koma kusekako kunachedwa pang'ono. "Nanga inu mumangoyendera anthu chabe?"

"Munajambulira muno?"

"Pampando uwo."

"Munalipo ndani?"

"Ine, apongozi, ndi kamera. Apongozi aakazi ankangolowa ndi kutuluka."

"Mpango wam'khosi uja unali wa chiyani?"

"Kunkazizira, bwana. Mukuwadziwa achikulire, kamphepo pang'ono chifuwa chayamba."

Ndinayang'ana pakona. Panali fani yaitali, kansalu kofiira katamangidwa kutsogolo kwake, komwe kaja kankauluzika nyimbo yonse. Munthu sayatsa fani kukuzizira. Ndinasunga zimenezi mumtima, chifukwa wabodza umamusiya aziluka yekha chingwe chake.

"Chipewa anasankha ndani?"

Apa anandiyang'ana modabwa, ndipo kudabwako sikunali kochita kupanga. "Chipewa? Anabwera nacho okha. Ndinawapempha kuti avule poti chinkaphimba maso, anakana, ndinawasiya. Chili ndi vuto?"

"Ndikufuna ndiwaone."

"Pepani bwana, kulibe. Anapita kwa mlongo wawo kukapuma. Kutali, foni siigwiranso bwino."

"Abwera liti?"

"Akatopa kupuma," anatero, n'kusekanso.

Anandiperekeza mpaka pageti, dzanja lili pamsana panga, ngati mmene umachitira ndi mlendo amene ukufuna achoke msanga. Ndikutseka getilo ndinacheuka. Pawindo la chipinda chakumapeto katani inali itakokedwa pang'ono. Nkhope sindinaione, ndinangoona dzanja. Chala chake chachikulu chinali ndi chikhadabo chachitali, chokhuthala, chachikasu, ndipo chikhadabo chotero amasunga ndi woimba gitala yekha.

* * *

Amene anaimba ndi a Zingwe kuyambira unyamata ndi mkulu wina amene aliyense amangomuti Wang'oma. Tsopano amalondera masana pamalo ogulitsira matabwa, ndipo ndinamupeza akulondera atagona pamulu wa matabwawo. Khutu lake lina linafa ndi ng'oma, choncho amalankhula ngati muli tsidya lina la msewu.

"Wapolisi wa nyimbo. Wabwera kudzamanga ng'oma yanga? Wachedwa mphwanga, anadya makoswe, kamange makoswewo."

Ndinamupatsa foni kuti aonere kanema uja. Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, ndipo ndime yoyamba isanathe anandibwezera.

"Chotsa. Sakuimba uyu."

"Mawuwo si awo?"

"Usandifunse za mawu, ine khutu linapita. Ndikunena chipewacho. Mnzanga ameneyu saimba chipewa chili kumutu. Sanachitepo chibadwire. Tsiku lina tinaimba paukwati, panja, dzuwa lili paliwombo, dazi lake linapsa mpaka kusupuka. Ine ndikumuuza kuti vala iwe, ufera za eni. Iye amvekere, nyimbo ndi mlendo wamkulu, mlendo sumulandira chipewa chili kumutu. Amavula, amachiika pansi pa mpando, ndiye amatsegula pakamwa. Kafufuze makanema ake onse. Ukapezapo imodzi yachipewa, udzandimange ine m'malo mwa makoswe."

Ndawaonapo a Zingwe akuimba kosawerengeka, ndipo dazi lija ndimalikumbukira likunyezimira. Sindinaganizepo kuti linali ndi chifukwa.

"Ndinu munatitumizira uthenga, achimwene?"

Anatulutsa kafoni kamabatani komangidwa ndi mphira. "Ndi aka? Ine ndikanadziwa zimenezi ndikanabwera ndekha kudzakutukwanani pamaso, sindilemba ayi."

Ndinaimbabe nambala ija iye akuona. Kafoni kake sikanalire. Kumene kunalira, munthu uja anayankhanso ndi mpweya wake walikhweru, ndipo anadulanso.

"Munacheza nawo liti komaliza?"

Nkhope ya mkuluyo inagwa, mawu nawo anatsika. "Chitulukireni m'chipatala sanandilankhulepo. Ndikapita, alamu amati akugona. Ndikapitanso, akugona. Munthu tinagawana naye bulangete limodzi m'maulendo, lero ndikubwerera pageti ngati wogulitsa masache."

"Chipatala chanji?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe amakuti Khutu chifukwa chiyani, wosamva chonchi? Anamung'amba pakhosi chaka chatha."

* * *

Ndili m'njira Mawaya anandiimbira. Anali atayang'ana makanema onse akale amene tinali nawo, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe yachipewa. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni analankhula pang'onopang'ono. "A Khutu, ngati zili choncho, mukudziwa zimene zichitike ndi nyimbo zina zonse zija."

"Ndikudziwa."

"Khoswe ali pamkhate ameneyu," anatero, n'kudula.

Ndinabwerera kunyumba kuja chakumasana, galimoto ya mkamwini kulibe. Ananditsegulira ndi akazi awo a Zingwe, mayi woonda, wa maso otopa. Pabalaza panali tebulo lositira ndi mulu wa malaya. Anandilozera mpando n'kubwerera ku simbi yawo.

"Abambo ali kuti, mayi?"

"Kwa alongo awo."

"Malaya awo mukusitawo, muwatumizira komweko?"

Simbi inapitirira kuyenda pa kolala imene inali yosalala kale.

"Tsiku lojambula munalipo?"

"Ndinkalowa ndi kutuluka."

"Munawamva akuimba?"

"Ndinamva nyimbo."

Anali mayi wosazolowera bodza, ankalizungulira ngati munthu wozemba chithaphwi. Zinandimvetsa chisoni, koma chisoni sichinamalizepo mlandu. Ndinatulutsa foni n'kuimba nambala ija.

Kuseri kwa chitseko chakumapeto kwa khonde lamkati, kanthu kanayamba kulira.

Mayiwo anaimika simbi. Anayang'ana chitsekocho, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti zimenezi sankazidziwa. "Abambo," anatero motsitsa, "mwachita chiyani?"

Chitseko chinatseguka. A Zingwe anatuluka pang'onopang'ono, foni ikulirabe m'dzanja, chipewa chakuda kumutu. Anali atatha thupi moti lamba ankazungulira kawiri. Mpango unalibe, ndipo pansi pa kholingo panali chipsera chachitali ndi kachubu kakang'ono kopumira. Kalikhweru kaja kankachokera pamenepo.

Ndinaimirira. "Bambo."

Anandikwezera dzanja kuti ndikhale, iwonso anakhala moyang'anana nane. Nthawi yomweyo geti linalira, ndipo mkamwini analowa atanyamula majumbo a kumsika. Atationa tonse atatu anaika majumbowo pansi mosamala, ngati muli mazira okhaokha.

"Mwabwerako msanga kwa alongo anu, bambo," ndinatero. Nthabwala inali yoipa ndipo palibe anaseka.

Mkamwini sanakane. Mawu osalala aja anathawa, anatsala a munthu wamantha. "Bwana, mundimvere kaye. Mawu a nyimboyo analemba okha. Kaimbidwe anapeka okha pagitala. Zala zimene munaona ndi zawo. Ine ndinangotenga nyimbo zawo zakale n'kuphunzitsa makina mmene iwo amaimbira. Liwulo si la munthu wina, ndi lawo lomwe, ndangolibweza. Ndinaika sipika pansi pa mpando, iwo n'kumatsatira ndi milomo. Ndaba chiyani? Ndabera ndani?"

"Kachala kaja kamauza anthu kuti waimba ndi munthu."

"Munthuyo ndi uyu ali apayu. Inu simunawaone atatuluka m'chipatala, atangokhala kuyang'ana khoma, osadya. Mkazi wanga ankalira tsiku ndi tsiku. Nyimbo itatuluka anthu anayamba kulemba pa tsamba, kuthokoza, ena kulira. Ndinkawawerengera madzulo alionse. Ndinkayesa ndikuwapatsa moyo."

Choipa n'chakuti ndinamukhulupirira. Ndikanakonda akanakhala wakuba wamba, ndikanagona tulo tabwino.

Mayi aja anazungulira tebulo n'kudzaima pamaso panga. "Bambo wapolisi, ine sindidziwa za makina. Mwamuna wangayu mawu anapita. Nyumba yathu tinasiya. Chimene watsala nacho ndi nyimbo zakezo ndi kachala kanuko. Mukakachotsa, adzukulu athu azidzamva kuti agogo awo ankaimbiridwa ndi makina, ndi zija anaimba ndi thukuta lake zomwe. Mukufuna mumuike m'manda kawiri?"

Uthenga uja tinauona awiri okha, ine ndi Mawaya. Makina oyezera anali atavomereza. Ndikanatha kubwerera kuofesi n'kunena kuti inali nsanje, palibe akanafunsa. Pa upolisi wanga wonse sindinalandirepo chiphuphu, koma tsiku limenelo ndinadzimva ndikudzinyengerera ndekha.

"Bambo," ndinatero kwa a Zingwe, "pali njira. Nyimbo yatsopanoyi ichoke pa tsamba lero, mwakachetechete. Zakale zikhale mmene zilili. Ine sindinaone kanthu."

Mkamwini anapuma mokoka. Mayi anagwira pamtima.

A Zingwe anapukusa mutu. Anaika chala pa kachubu kaja, nkhope inakwinyika, ndipo panatuluka kamawu kouma, kokhala ngati tsache likukwecha simenti. Tonse tinaweramira kutsogolo.

"Lamulo... ndinaika ndine."

"Abambo, chonde," anatero mayi.

Anapuma, anaikanso chala. "Anthu akundithokoza... pa mawu a mlendo. Ndikamva... ndimachita manyazi."

"Bwanji simunakane tsiku lomwelo, bambo?" anafunsa mkamwini, misozi ikutsika. "Mukanangondiuza."

Achikulirewo anamuyang'ana kwa nthawi, mopanda mkwiyo, kenako anayang'ana denga la nyumbayo, makoma ake, majumbo a kumsika ali pansi. Sanafunike kuika chala pakhosi. Munthu amene akukusunga, amene wagona mochedwa kukukonzera mphatso, sumukankhira mphatsoyo kumaso. Anavala chipewa kuti amene akuwadziwa adziwe. Ataona kuti palibe wadziwa, anatiitana ife, ndipo ngakhale mu uthengawo sanatchule dzina la mkamwini wawo.

Kenako analoza gitala imene inali yotsamira kukhoma. Palibe anasuntha, ndiye ndinakatenga ine. Anaiika pamwendo, anayesa zingwe ndi chikhadabo chija, analoza foni yanga kuti ndijambule. Nditayatsa, anakweza dzanja n'kuvula chipewa. Anawerama movutikira n'kuchiika pansi pa mpando.

Gitala imafuna manja awiri, choncho panalibe chala chotseka kachubu. Anayang'ana akazi awo. Mayiwo anapita kumbuyo kwa mpando n'kuika chala chawo pakhosi pa mwamuna wawo.

Anaimba nyimbo yomwe ija, ya mwamuna wopempha kuti asamutsekere chitseko. Kunena kuti anaimba n'kuwakomera mtima. Mawu ena ankasowa, ena ankasweka pakati, ndipo ndime iliyonse mayi ankachotsa chala kuti apume, n'kubwezeranso. Pofika ndime yachiwiri anali atadziwana, moti ankachotsa asanauzidwe. Mkamwini anakhala pansi pafupi ndi majumbo ake, mutu uli pakati pa maondo. Malaya amene anasiyidwa pafupi ndi simbi anayamba kununkha kupsa, ndipo palibe anapita kukawachotsa.

Atamaliza anatola chipewa, anavala, n'kundilozera chitseko. Ntchito inali ikundidikira.

M'mawa mwake Mawaya anatsegula tsamba la a Zingwe n'kundisiyira mpando wake. Anati iye sangathe, ndipo anatuluka kukamwa madzi amene sankawafuna. Ndinadina ndekha. Kachala kanazimiririka pa nyimbo yatsopano, kenako pa ina, pa inanso, kutsika mpaka pa ija mayi anga ankaimba akamachapa. Pasanathe ola anthu anali atayamba kulemba kuti ankadziwa kale, kuti mkulu ameneyu mawu ake ankakoma mokayikitsa.

Madzulo ndinakamuonetsa Wang'oma zimene ndinajambula. Anaika foni kukhutu lamoyo, anaibwezanso kumaso, anayang'anitsitsa dazi lija ndi chala cha alamu ake.

"Eya," anatero. "Apa ndiye akuimba. Iyi muikapo kachala kanu?"

Ndinamuuza kuti lamulo silikulola.